Mafuta odzola ochokera ku chamba: kusankha, kuyesa ndi kupanga mosaika khungu pachiswe

Mabotolo awiri akhoza kujambulidwa tsamba la chamba lofanana ndendende, chikhalirecho zam'kati mwake n'zosiyana kutalitali. M'botolo lina muli mafuta ofinyidwa ku njere, m'linalo muli mankhwala otchedwa CBD otengedwa ku utomoni wa maluwa ndi masamba. Si zachilendo munthu kugula loyambalo akuyesa lachiwiri, kenako n'kumadandaula kuti chamba sichithandiza khungu. Ndiye musanatsegule chivindikiro, tembenuzani botolo muwerenge mndandanda wa zinthu zimene zaikidwamo.

Mukaona mawu akuti Cannabis Sativa Seed Oil, dziwani kuti ndi mafuta a njere. Njere zilibe CBD kapena THC (mankhwala ozunguza bongo a m'chamba) yoti n'kuiwerengera. Ubwino wa mafutawa uli pena: oposa theka lake ndi linoleic acid, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi alpha-linolenic acid. Linoleic acid ndi imodzi mwa zinthu zimene khungu limamangira chotchinga chake choletsa madzi kuthawa m'thupi, n'chifukwa chake mafutawa amafewetsa khungu louma ndi lothetheka, ndipo salemera pankhope. Ndi mafuta abwino odzola, basi.

CBD imalembedwa kuti Cannabidiol, kapena nthawi zina Cannabis Sativa Extract. Imabwera m'mitundu itatu. Isolate ndi CBD yokhayokha, ufa woyera wopanda fungo. Broad-spectrum ili ndi CBD pamodzi ndi mankhwala ena a m'chomeracho koma THC yachotsedwamo. Full-spectrum ili ndi zonse, kuphatikizapo THC yochepa, yomwe ndi mankhwala ozunguza bongo aja. Wa khungu losachedwa kuchita zidzolo ayambe ndi isolate, chifukwa tinthu tonunkhira ta m'chomera monga limonene ndi linalool tikakhalitsa ndi kukumana ndi mpweya timatha kuyambitsa ziwengo.

Chifukwa chake khungu lingamve mankhwalawa, ndi pamene amalekezera

Roger Adams anapatula CBD ku chamba mu 1940 ku America. Raphael Mechoulam ndi anzake ku Israel anafotokoza kapangidwe kake mu 1963, ndipo chaka chotsatira anachita chimodzimodzi ndi THC. Mu 1992 gulu lakelo linapeza anandamide, mankhwala amene thupi limadzipangira lokha ndipo amagwira malo omwewo amene THC imagwira. Malo olandirira mankhwalawa, otchedwa CB1 ndi CB2, anapezeka kuti alinso pakhungu: m'maselo a pamwamba, m'tizigawo totulutsa mafuta a khungu, m'mizu ya tsitsi, m'timitsempha tomva ululu ndi kuyabwa, ndi m'maselo a chitetezo cha thupi. CBD payokha sigwira CB1 ndi CB2 mwamphamvu. Imadzera kwambiri njira zina, monga TRPV1, malo amene amamvanso kuwawa kwa tsabola.

Pali chinthu chimodzi chokhudza CBD chimene chimamasulira pafupifupi zonse zotsatirazi. CBD imasungunuka m'mafuta ndipo imadana ndi madzi. Khungu la pamwamba penipeni ndi lamafuta, pamene la pansi pake ndi lamadzi. Choncho CBD yodzola imalowa mosavuta pamwambapo n'kukhazikika pompo, yochepa chabe ndi imene imapitirira kunsi. Vuto likakhala pafupi ndi pamwamba, monga kuyabwa, ziphuphu, kapena ululu wa m'zala, pali chifukwa chomveka choyesera. Likakhala mkati mwa chiuno kapena mumsana, pansi pa mnofu wochindikala, chiyembekezo chikhale chochepa ndithu. Zosiyana ndi izi ndi zomata pakhungu ndi ma gel olembedwa kuti transdermal. Amenewo amaikidwa zinthu zokankhira mankhwala mpaka m'magazi, ndipo muzisamala nawo monga mmene mumasamalira ndi mankhwala akumwa.

Zimene kafukufuku waonetsa

Pa ziphuphu, nkhani imene imatchulidwa kwambiri ndi ya mu 2014, pamene ofufuza a ku yunivesite ya Debrecen ku Hungary anaonetsa kuti CBD imachepetsa mafuta opangidwa ndi maselo a khungu ndiponso kutupa. Koma zimenezi zinachitikira m'labotale, pa maselo ndi tizidutswa ta khungu. Kampani ina ya ku Australia itayesa mankhwala a CBD odzola pa anthu mazana angapo a ziphuphu mu 2019, sanapose mokwanira mafuta omwewo opanda CBD pa muyeso waukulu umene anadziikira. Mu 2020 zinateronso ndi eczema, nthenda youmitsa ndi kuyabwitsa khungu. Apa pali phunziro limene ogulitsa satchula: mafuta amene anyamula CBD aja nawonso amachiza kuuma ndi kuyabwa, moti n'kovuta kudziwa kuti chathandiza n'chiti.

Pa ululu, nkhani ndi yosakanikirana. Mu 2016 gel ya CBD inachepetsa kutupa kwa mawondo a makoswe a nyamakazi. Mu 2020 kafukufuku wa anthu 29 a ululu wa mitsempha ya m'miyendo, uja wolasa ndi wozizira, anapeza kuti odzola CBD kwa milungu inayi anapezako bwino kuposa anzawo. Mu 2022 wina wa anthu 18 a nyamakazi ya patsinde pa chala chachikulu cha m'manja anapezanso zolimbikitsa. Koma anthu 29 ndi 18 ndi ochepa kwambiri, ndipo gel ya CBD itayesedwa pa anthu ambiri a nyamakazi ya m'bondo mu 2017 sinafike pa cholinga chake chachikulu. Pa psoriasis, nthenda yochititsa khungu kukhala ndi mamba, umboni wochuluka ndi wa m'labotale. Pa matenda osowa otchedwa epidermolysis bullosa, amene khungu limachita matuza likangokhudzidwa, pali malipoti a odwala owerengeka chabe.

Bungwe la FDA, loyang'anira chakudya ndi mankhwala ku America, lavomereza mankhwala amodzi okha a CBD, Epidiolex, mu 2018, ndipo ndi akumwa, a mitundu ina ya khunyu. Odzola palibe amene lawavomereza ngati mankhwala. Ife tikuona kuti mafutawa ndi oyenera kuyesedwa pofuna kupepuza kuyabwa kapena ululu wa pafupi ndi khungu, moonjezera pa chithandizo chimene muli nacho kale. Kuwapatsa udindo woposa pamenepo n'kudzinamiza.

Matenda ena musataye nawo nthawi n'komwe. Mphere ndi zipere zili ndi mankhwala ake odziwika ndipo CBD siipha tizilombo toyambitsa. Chilonda chotuluka mafinya, chotentha, kapena chimene kufiira kwake kukufalikira chikufuna dokotala lero lomwe. Kadontho kakuda kamene kakusintha kukula, mtundu kapena kakutuluka magazi kayezedwe, chifukwa khansa ya pakhungu sichira ndi mafuta a chamba ngakhale otsatsa ena atalumbira motani.

Werengani mamiligalamu

Nambala yaikulu yolembedwa patsogolo pa botolo ndi ya CBD yonse ya m'botolomo, ndipo payokha sikuuzani kanthu. Igaweni ndi kukula kwa botolo. Mamiligalamu 500 m'botolo la mamililita 50 ndi mamiligalamu 10 pa mililita, pafupifupi 1 peresenti. Mamiligalamu 500 omwewo m'botolo la mamililita 250 ndi awiri okha pa mililita, kutanthauza 0.2 peresenti, mphamvu yochepera kasanu. Palibe mulingo umene akatswiri anagwirizana, koma kafukufuku wa chala chachikulu uja anagwiritsa ntchito mamiligalamu 6.2 pa mililita. Kuyambira pakati pa 0.5 ndi 1 peresenti n'kwanzeru. Botolo longolembedwa kuti hemp extract 5000 mg popanda kutchula CBD nthawi zambiri likuwerengera mafuta a njere.

Ngakhale nambala yolembedwayo siyodalirika nthawi zonse. Mu 2022 ofufuza a ku Johns Hopkins anayeza zodzola za CBD 105. Mwa 89 zimene zinalemba mulingo wa CBD, 24 peresenti yokha ndi imene inalemba zoona. Zambiri zinali ndi CBD yoposa yolembedwayo, zina yochepera. THC inapezeka mu 35 peresenti ya zodzola zonse, kuphatikizapo zina zolembedwa kuti zilibe THC.

Chitetezo chanu ndi chikalata cha zotsatira za labotale, chotchedwa COA. Wogulitsa wodalirika amachionetsa popanda kukakamizidwa. Onani kuti nambala ya batch (gulu la mabotolo opangidwa nthawi imodzi) ya pachikalata ikufanana ndi ya pabotolo lanu, chifukwa chikalata cha zopangidwa chaka china sichinena kanthu za zimene mwagwirazo. Onani kuti labotaleyo si ya kampani yomweyo ndiponso kuti ndi yovomerezeka pa muyeso wa ISO/IEC 17025. Kenako yang'anani mulingo wa CBD ndi THC, mankhwala ophera tizilombo, zotsalira za zosungunulira zimene anatulutsira CBD m'chomera, nkhungu ndi mabakiteriya, ndi zitsulo zinayi: lead, cadmium, arsenic ndi mercury. Zitsulozi n'zofunika kuzisamala chifukwa chamba chimayamwa kwambiri zimene zili m'nthaka.

Muonenso zina zimene zaikidwamo. Zodzola zambiri zothetsa ululu zili ndi menthol, camphor, capsaicin kapena methyl salicylate. Kuzizira kapena kutentha kumene mumamva pakangopita mphindi ziwiri kumachokera ku zimenezi, pakuti CBD simveka pakhungu. Si zoipa, koma musazidzole pakhungu losweka, ndipo musaikepo botolo la madzi otentha kapena kumanga bandeji yothina pamwamba, chifukwa zimatha kuotcha khungu mpaka matuza.

Mtundu wa chodzolacho ugwirizane ndi vuto. Khungu louma ndi long'aluka limafuna mafuta olimba okhala ndi phula la njuchi, opanda zonunkhiritsa. Nkhope ya ziphuphu imafuna gel kapena loshoni yopepuka. Mafuta a kokonati ndi a koko amatseka timabowo ta khungu mwa anthu ambiri ndipo ziphuphu zimangoonjezeka. Gel yokhala ndi alcohol imalowa msanga koma imaluma pa eczema.

Kuyesa ndi kudzola

Yambani ndi kamalo kochepa mkati mwa mkono, pafupi ndi pokhotera chigongono. Pakanipo pang'ono kawiri pa tsiku kwa masiku 7 mpaka 10. Tsiku limodzi silikwanira, chifukwa ziwengo za pakhungu zimachedwa kuonekera, nthawi zina masiku awiri kapena atatu. Pakafiira, pakatupa kapena pakayabwa, sambanipo ndi sopo wosanunkhira, musiye. Milomo kapena nkhope ikatupa, kapena mukayamba kubanika, pitani kuchipatala mwamsanga, pakuti alipo anthu amene thupi lawo limadana ndi chomera cha chamba chenichenicho.

Poyeza mulingo, gwiritsani ntchito chala. Mafuta ofinyidwa m'chubu kuchokera kunsonga ya chala cholozera kufika pa mzere woyamba amalemera pafupifupi theka la galamu, ndipo amakwana malo aakulu ngati zikhatho ziwiri za munthu wamkulu. Ngati mafuta anu ndi a 1 peresenti, muyeso umenewo uli ndi mamiligalamu 5 a CBD. Sambani malowo, pukutani, pakani, tikitani kwa mphindi imodzi mpaka kunyezimira kuchepe. Chitani kawiri pa tsiku, ndipo musasambepo kwa ola limodzi kapena awiri. Sambani m'manja mukamaliza, makamaka ngati muli menthol kapena capsaicin, musanagwire m'maso.

Chimene ambiri amadumpha ndi kulemba. Musanayambe, patsani ululu kapena kuyabwa kwanu nambala pakati pa 0 ndi 10, masiku atatu otsatizana, nthawi yofanana. Jambulani malowo pa kuwala kofanana. Pitirizani kulemba mukayamba kudzola, ndipo musasinthe sopo, mankhwala kapena chodzola china pa nthawi yomweyo. Eczema ndi nyamakazi zimakwera n'kutsika zokha, ndipo munthu amagula mankhwala vuto likafika pachimake, pamene linali litatsala pang'ono kutsika lokha. Ngati malo odwala ali mbali zonse ziwiri, monga manja onse, dzolani CBD mbali imodzi ndi mafuta wamba mbali inayo. Njira imeneyi imakuuzani zoona kuposa wotsatsa aliyense. Pa ululu ndi kuyabwa, milungu inayi ndi yokwanira kuona ngati pali kusintha. Ziphuphu zimafuna milungu 8 mpaka 12. Nambala ikapanda kutsika ndi ziwiri kapena kuposa, siyani.

Ngati dokotala anakupatsani steroid yodzola (mankhwala ochepetsa kutupa ndi kuyabwa), musaisiye mwadzidzidzi. Dzolani ya dokotalayo kaye, dikirani mphindi 20 mpaka 30, kenako mafuta enawo. Osazisakaniza m'chibekete chimodzi.

Kudzipangira mafuta olimba a 1 peresenti

Izi n'za amene ali kumalo kumene lamulo limalola kukhala ndi CBD. Pamafunika sikelo yoyeza mpaka 0.01 ya galamu, choyezera kutentha, mbale yagalasi kapena yachitsulo yokhala pamwamba pa poto wa madzi otentha, ndi timitsuko touma, tagalasi yakuda kapena tachitsulo. Supuni sizidalirika pa ntchito imeneyi.

Pa magalamu 100 yezani: phula la njuchi magalamu 15, mafuta a shea (olimba, ochokera ku njere za mtengo wa shea) magalamu 30, mafuta a MCT (opepuka ndi osalimba, otengedwa kawirikawiri ku kokonati) magalamu 33, mafuta a njere za chamba magalamu 20.5, vitamini E theka la galamu, ndi CBD isolate galamu imodzi.

Patulani magalamu 10 a MCT m'kapu yaing'ono, thiranimo isolate, ikani kapuyo m'madzi otentha pafupifupi madigiri 60 ndipo takasani mpaka mafuta ayere mbee, osaonekanso kambewu kalikonse mukayang'ana pa kuwala. Gawo limeneli musalithamangire. Isolate yothiridwa mwachindunji m'mafuta amene ayamba kulimba siisungunuka yonse, ndipo mtsuko wina umadzakhala wamphamvu, wina wopanda kanthu.

M'mbale yaikulu sungunulani phula pamodzi ndi MCT wotsalayo. Phula limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 65, choncho madigiri 70 ndi okwanira. Osaika mbaleyo pamoto mwachindunji. Phula likatha, thirani shea, takasani mpaka asungunuke yense, kenako phulani. Kutentha kukatsika kufika pa 60 mpaka 65, thirani MCT wa CBD uja n'kutakasa mphindi ziwiri zathunthu. Pomaliza thirani mafuta a njere ndi vitamini E. Mafuta a njerewo muyambe mwawafunditsa pang'ono poika botolo lake m'madzi ofunda, chifukwa ozizira amaumitsa phula nthawi yomweyo n'kusiya timibulu. Amalowa pomaliza chifukwa sapirira kutentha kwa nthawi yaitali. Takasaninso, thirani m'timitsuko, ikani mufiriji kwa ola limodzi, ndipo muvindikire atazizira. Mukavindikira akadali otentha, nthunzi imasanduka madontho pansi pa chivindikiro. Lembani tsiku ndi mphamvu yake pa mtsuko uliwonse.

Zolakwika zake n'zodziwika. Mafuta akamveka ngati ali ndi mchenga pakapita masiku, ndiye kuti shea anazizira pang'onopang'ono, zigawo zake n'kuuma nthawi zosiyana. Asungunuleninso onse, muwaziziritse msanga mufiriji. Akafewa kwambiri nyengo yotentha, kwezani phula kufika magalamu 20 n'kuchepetsa MCT ndi magalamu 5. Akalimba moti chala sichikulowa, chitani mosemphanitsa. Akasintha fungo n'kumamveka owawasa, ndiye kuti mafuta a njere aonongeka ndi mpweya, kuwala kapena kutentha. Atayeni, chifukwa mafuta otere amakwiyitsa khungu. Vitamini E amachedwetsa kuonongeka kumeneku koma sapha nkhungu kapena mabakiteriya. Timadontho takuda kapena tobiriwira pamwamba timasonyeza kuti munalowa madzi, mwina a nthunzi ya poto kapena a chala chonyowa. Pachifukwa chomwechi musaonjezeremo aloe, tiyi kapena madzi a maluwa. Chodzola chilichonse chokhala ndi madzi chimafuna chogwirizanitsa madzi ndi mafuta komanso mankhwala oteteza ku tizilombo, ndipo imeneyo ndi ntchito ina yofuna luso lake. Mafuta opangidwa bwino, osungidwa pamdima ndi pozizira, muwamalize pasanathe miyezi isanu ndi umodzi.

Ena amanyika maluwa a chamba m'mafuta. Njirayi ili ndi mavuto atatu. Chomera chachiwisi chili ndi CBDA, yomwe imasanduka CBD ikatenthedwa pa madigiri pafupifupi 110 mpaka 120 kwa mphindi 40 mpaka 60, ndipo uvuni wa kunyumba sasunga kutentha mofanana. Maluwa osaumitsitsa amalowetsa madzi m'mafuta. Ndipo popanda labotale simungadziwe kuti CBD ndi THC zilimo zochuluka bwanji, moti zowerengera zonse tafotokoza pamwambapa zimagwa.

Oyenera kusamala kwambiri

Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa apewe CBD ya mtundu uliwonse, monga limalangizira bungwe la FDA. Ana asadzoledwe popanda dokotala, chifukwa khungu lawo ndi lopyapyala ndipo ndi lalikulu poyerekeza ndi kulemera kwa thupi. CBD ikafika m'magazi imachedwetsa ntchito ya chiwindi yophwanya mankhwala ena, monga warfarin (wochepetsa kuundana kwa magazi) ndi clobazam (wa khunyu), ndipo ikaphatikizana ndi valproate (wa khunyunso) imatha kuvutitsa chiwindicho. Yodzola pakamalo kochepa pakhungu labwinobwino imafika m'magazi yochepa kwambiri, koma zomata za transdermal, kudzola thupi lonse, kapena kudzola pakhungu losupuka zimakweza mulingowo. Ngati mumamwa mankhwala amenewa, funsani dokotala kapena wa ku famase musanayambe.

Amene amayezedwa mkodzo kuntchito kapena m'masewera asankhe isolate yokhala ndi COA, ndipo apewe transdermal ya full-spectrum. Bungwe la WADA, loona za mankhwala oletsedwa m'masewera padziko lonse, linachotsa CBD pa mndandanda wa zoletsedwa mu 2018, koma THC ndi mankhwala ena a m'chamba akadali oletsedwa pa mpikisano.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. America inaika malire a 0.3 peresenti ya THC pa chamba chololedwa mu 2018, mayiko ena ali ndi malire awo, ndipo ena amaletsa chilichonse chochokera ku maluwa a chamba, kaya chili ndi THC kapena ayi. Mtsuko umene munagula mwalamulo kwina ukhoza kukumangitsani pabwalo la ndege la dziko lina, choncho fufuzani lamulo la kumene mukupita ndi la kumene mukudutsira musanaulongedze m'chikwama.